Anayamba kuyatsa moto ndani? Fahrenheit 451 m'buku ndi m'filimu

Ndinayamba kuonera filimu, buku ndinawerenga pambuyo, ndipo ndinkayesa kuti ziwirizi zikunena chinthu chimodzi. Ayi ndithu. Filimu inandisiya nditakwiyira boma, pamene buku linandisiya ndikudzikayikira ndekha.

Nkhani yake njotere. Ray Bradbury wa ku America anatulutsa buku la Fahrenheit 451 m'chaka cha 1953. Likukamba za dziko lam'tsogolo momwe kusunga buku ndi mlandu, ndipo ozimitsa moto anasanduka oyatsa moto. Akangomva kuti uje ali ndi mabuku, amathamangirako ndi palafini. Dzina la bukuli likuchokera pa kutentha kumene ati pepala limayakira, madigiri 451 pa muyeso wa Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 233 pa muyeso wa Celsius. Mmodzi mwa oyatsawo, Guy Montag, akuyamba kubisa mabuku amene amayenera kuwatentha, mavuto ake n'kuyambira pomwepo.

Mu 1966 François Truffaut wa ku France anajambula filimu yake ku England, Oskar Werner n'kukhala Montag. Luso lake nlosachita kufunsa. Filimu ikamayamba, maina a osewera salembedwa, munthu amachita kuwatchula pakamwa, ngati kuti nafenso oonera taletsedwa kuwerenga. Pamene mayi wachikulire akukana kutuluka m'nyumba, nadziyatsira yekha machesi pakati pa mabuku ake, filimu yaposa buku: maso amaona masamba akupindika m'moto, mtima n'kungoti myuu!

Koma amangwetu, taonani zimene anachotsa. M'buku muli mkulu wina, Faber, yemwe ankaphunzitsa pa koleji mpaka kolejiyo inatsekedwa kaamba kosowa ophunzira. Iyeyu ndiye amauza Montag chilungamo chowawa, chakuti anthu anasiya okha kuwerenga, ndipo iye mwini ankaona zinthu zikupita kuphompho koma anangoti zii chifukwa cha mantha. Naye Beatty, bwana wa oyatsa moto, amanenetsa kuti zinthuzi sizinayambire ku boma. Anthu ankafuna zachidule ndi zosangalatsa, aliyense osafuna kukhumudwitsidwa ndi cholembedwa, boma n'kungobwera kudzamalizitsa. M'filimu Faber mulibe. Zoonadi, Truffaut akutionetsa mkazi wa Montag ali maso tong'o pa kanema tsiku lonse, koma munthu wophunzira wovomera kuti anakhala chete, ameneyo anamusiya kunja. Kwa ine apa mpamene panagona mtima wa buku.

Mathero akenso anawafewetsa. M'buku, Clarisse, mtsikana amene anatsegula maso a Montag, akusowa, ndipo tikungomva kuti anagundidwa ndi galimoto. M'filimu ndi mphunzitsi, ndipo akupulumuka. M'buku mzinda wonse ukuphulitsidwa ndi mabomba, Montag atatsala ndi zidutswa za Mlaliki ndi Chivumbulutso m'mutu mwake. M'filimu mulibe nkhondo. Tikungoona anthu oloweza mabuku akuyendayenda m'nkhalango chipale chikugwa, aliyense akulakatula lake. Nzokongola zedi, koma munthu umatuluka mtima uli m'malo, ukudziwerengera m'gulu la abwinowo.

Ife kuno nkhani ngati iyi sitichita kuuzidwa. Lamulo lounika mabuku ndi mafilimu linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu, n'kudzatuluka ku Mikuyu mu 1991. Nchifukwa chake filimu ya Truffaut imatikoma: imaloza chala kumene tinazolowera kuloza. Koma funso la Bradbury ndi lina. Chitseko chitatseguka mu 1994, ndi angati mwa ife amene tinathamangira ku laibulale? Ineyo pano, mabuku amene ndinawerenga mpaka kumapeto chaka chathachi sakwana zala za dzanja limodzi, koma foni siichoka m'manja. Palibe anandiopseza ndi palafini.

Tsono ndikuti, filimuyi ioneni, simudzataya nthawi. Koma musayese kuti mukaionera ndiye kuti mwamva zonse zimene Bradbury ankanena. Zimenezo zili m'buku, ndipo kuti muzimve muyenera kuchita chimene anthu a m'dziko la Montag anachileka okha: kukhala pansi n'kuwerenga.