Nthondo ndi Mbiri ya Mbumba

Tikawerenga Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la 1933, timaumva mudzi weniweni: maliro, milandu ya pabwalo, ulendo wokafuna ntchito kutali. Koma mphunzitsi wa ku Nkhomayu analemba pansi pa diso la Mishoni, motero nkhani yonse ikuthamangira kutembenuka mtima kwa mwamuna mmodzi. Ife Achewa mtundu timawerengera kwa mayi. Nanga mbumba ili kuti?

Funsoli ndi lathunso alembi a lero. Pomanga likulu ku Lilongwe, limene linatsegulidwa mu 1975, midzi inasamutsidwa, anthu nasiya minda ndi manda. Mbiriyo ikali pakamwa pa azigogo aakazi. Tikawafunse asanatisiye.