Chibale Sichiola, Mlandunso Suola: Kuunika Buku la Ambuye Elias Chacour

Mabuku olimbikitsa mtendere alipo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo analembedwa ndi anthu amene sanalandidwepo ngakhale mzere umodzi wa munda. Buku limene tikuliunika pano linachokera kwa wansembe amene mudzi wa kwawo unasanduka bwinja iye akadali mnyamata. Dzina lake m'Chingerezi ndi Blood Brothers, ndiye kuti abale a magazi amodzi, ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1984. Mwini nkhani ndi Elias Chacour, Mwarabu wa ku Galileya, wansembe wa Katolika wa mwambo wa Melkite, amene pambuyo pake anakhala Arkiepiskopi wa Akka, Haifa, Nazarete ndi Galileya yense kuyambira 2006 mpaka 2014. Amene anamthandiza kulemba ndi David Hazard wa ku America. Papita zaka zoposa 40, koma funso la bukuli silinakalambe: kodi mtumiki wa Mulungu angayanjanitse bwanji anthu pamene iye mwini ali mmodzi wa olakwiridwa?

Tisanalowe m'nkhani, tichotse zopinga ziwiri zimene zili m'makutu a akhristu athu. Ambiri akamva dzina lakuti Mwarabu kapena Mluya amakumbukira malonda a akapolo, nayesa kuti Mwarabu aliyense ndi Msilamu. Akamvanso dzina lakuti Israele m'Masalimo, amaliphatikiza ndi boma la Israel limene linakhazikitsidwa mu 1948. Komatu buku la Ntchito za Atumwi (2:11) limatchula Aarabu pakati pa amene anamva Mthenga Wabwino pa tsiku la Pentekoste, ndipo ku Dziko Loyera mwakhala muli akhristu chiyambire nthawi ya Atumwi. Phindu loyamba la bukuli nlakuti likutionetsa nkhope ya abale athu amenewa.

Nkhani yake

Chacour anabadwa mu 1939 m'mudzi wa akhristu wa Biram, kufupi ndi malire a Lebanon. Bambo ake, mlimi wa nkhuyu, anauza ana awo kuti Ayuda amene akubwera kuchokera ku Ulaya anazunzidwa koopsa ndi Hitler, ndiponso kuti ndi abale awo mwa Abrahamu, oyenera kulandiridwa bwino. Apa ndiye pachokera dzina la bukuli. Mu Novembala 1948 asilikali a Israel analamula anthu a m'mudzimo kuti atuluke, nawalonjeza kuti adzabwerera posachedwa. Ambiri anakafikira m'mudzi wa Jish. Bambo ake a Chacour ndi ana awo aamuna akuluakulu anakwezedwa pa malole nakatayidwa kumalire, ndipo anabwerera pa miyendo patapita miyezi. Pambuyo pake nkhalambayo inavomera kukhala waganyu m'munda wake womwe, poopa kuti alendo osadziwa kusamala nkhuyu angaphe mitengo yake. Anthu anakadandaula ku bwalo lalikulu la milandu, koma mu Seputembala 1953 nyumba zawo zinaphwasulidwa ndi mabomba, tchalitchi nkutsala chili chilili pakati pa mabwinja.

Ataphunzira ku seminale ya Saint-Sulpice ku Paris, Chacour analandira unsembe mu 1965, natumizidwa ku Ibillin, mudzi wa akhristu ndi Asilamu. Anapeza parishi yakufa: mabanja osalankhulana, abale a bere limodzi odana, tchalitchi chosasamalidwa, ndipo iye anagona m'galimoto lake kwa miyezi ingapo. Pa Lamulungu la Kanjedza mu 1966, Misa itatha, anatseka zitseko za tchalitchi ndi unyolo, nauza anthu kuti sadzatuluka mpaka atayanjana, apo ayi aphane pomwepo iye awaike m'manda. Kunagwa bata lalikulu, mpaka wapolisi wina amene ankaopedwa m'mudzimo anaimirira napempha chikhululukiro kwa abale ake. Kuchokera pamenepo bukuli likutitengera ku ntchito zina: masisitere oyendera odwala khomo ndi khomo, nyumba zowerengeramo mabuku, ulendo wa mtendere wa mu 1972 umene Arkiepiskopi Joseph Raya anatsogolera ku Yerusalemu Ayuda ndi Aarabu akuyenda pamodzi, ndiponso sukulu ya sekondale ya Mar Elias imene Chacour anaimanga mu 1982 boma lisanampatse chilolezo.

Mphamvu ya bukuli

Chimene tikuchiyamikira kwambiri ndi ndondomeko ya chiyanjano imene nkhaniyi ikuonetsa. Nkhondo yoyamba ya Chacour inali mumtima mwake. Sakubisa kuti anali ndi ukali, ndi kuti anazindikira kuti naye akanatha kuchita nkhanza zomwe ankazidzudzula mwa ena. Nkhondo yachiwiri inali m'parishi mwake. Asanalankhule za Ayuda ndi Aarabu, anayenera kuyanjanitsa akhristu amene ankalandira Ukaristia umodzi koma osapatsana moni panja. Apa bukuli likuyenda m'mapazi a Mateyo 5:23-24, pamene Ambuye akuika kuyanjana ndi mbale patsogolo pa nsembe. Mpingo wogawikana ulibe mawu pa bwalo la mitundu yodana.

Chachiwiri, Chacour anaona kuti munthu wonyozeka, wodziyesa wachabe, sangakhale pa mphasa imodzi ndi mnzake nakambirana naye ngati wofanana naye. Nchifukwa chake utumiki wake wa mtendere unasanduka wa njerwa, mabuku ndi aphunzitsi. Sukulu za Mar Elias zinalandira ana a akhristu, a Asilamu ndi a mtundu wa Druze, ndipo pakati pa aphunzitsi panali Ayuda. Cholinga sichinali kutembenuza ana a anthu ena mobisa. Aseminale amene amayesa kuti kumanga sukulu ndi ntchito yapambali, yotsalira pambuyo pa ntchito ya uzimu, awerenge mitu imeneyi mofatsa.

Chachitatu, bukuli likukana kuodzetsa owerenga ndi chikhululukiro chotsika mtengo. Bambo ake a Chacour anakhululuka, komabe sanaleke kunena kuti munda ndi wawo. Makolo athu anati chibale ndi fupa, sichiola. Anatinso mlandu suola. Luso la Chacour nlakuti akugwira miyambi iwiriyi m'dzanja limodzi: Myuda ndi mbale wake, ndipo mlandu wa Biram ukadali pabwalo.

Pamene bukuli likutsimphina

Pali zinthu zinayi zimene sitingazilambalale. Choyamba ndi kalembedwe. Dzanja la wothandiza uja likuoneka kwambiri. Nkhani yasalazidwa kuti ikomere owerenga a ku America, mutu uliwonse ukutha ndi phunziro loyalidwa bwino, ndipo zokambirana za zaka makumi atatu zapitazo zalembedwa liwu ndi liwu ngati kuti wina ankazijambula. Bukuli ndi umboni wa munthu wokumbukira ubwana wake, ndipo tiziliwerenga motero. Wofuna masiku ndi zaka asamale kuti asasakanize Biram ndi mudzi woyandikana nawo wa Iqrit, umene unagwetsedwa pa nyengo ya Khrisimasi mu 1951, ngakhale bwalo lalikulu linali litagamula chaka chomwecho kuti eni ake abwerere.

Chachiwiri, Myuda wa m'bukuli akuoneka kuchokera pakhonde la nyumba imodzi. Timamuona ngati msilikali, mwina ngati mphunzitsi wokoma mtima wa ku Hebrew University, kumene Chacour anaphunzira Malembo ndi Talmud. Chacour akuvomereza mazunzo a Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ku Ulaya, ndipo pa ichi akuposa olemba ambiri a mbali yake. Koma mantha a Myuda wamba, amene mu 1948 anaona magulu a nkhondo a maiko oyandikana akulowa m'dzikomo, ndi chisoni cha Ayuda zikwi mazanamazana amene anachoka m'maiko a Aarabu m'zaka zotsatira, sizikumveka ndi mphamvu yofanana. Mkhalapakati amayenera kufotokoza dandaulo la mbali inayo mwa njira yakuti eni ake avomereze kuti wawamvetsa. Pa muyeso umenewu bukuli lafika theka.

Chachitatu, njira ya Chacour inamera m'nthaka ya Galileya, kumene Aarabu ndi nzika za Israel, okhala ndi ufulu wovota ndi wodandaula ku khoti, ngakhale kuti mpaka 1966 ankalamulidwa ndi asilikali. Wansembe wa ku Betelehemu kapena ku Gaza ali m'goli lina. Bukuli linatuluka kusanachitike kuukira kwa mu 1987, pangano la ku Oslo la mu 1993 lisanasainidwe ndi kufota, khoma lolekanitsa lisanayambe kumangidwa mu 2002. Chiyembekezo chake chakuti mitima ikasintha zinthu zidzasintha nchoona, koma sichikuyankha mokwanira funso la malamulo, malire ndi mfuti.

Chachinayi chikukhudza ife tomwe. Nkhani ya unyolo pa chitseko imakondedwa m'maulaliki, ndipo tikuopa kuti wansembe wachinyamata angaitenge ngati mankhwala ochiza parishi iliyonse. Chimene chinatsegula mitima pa tsikulo ndi miyezi yambiri ya kuyendera mabanja, kumwa khofi m'nyumba za odana ndi kunyozedwa osathawa. Popanda zimenezo, kutsekera anthu m'tchalitchi nkuumiriza chikumbumtima, ndipo chiyanjano choumiriza chimathera pa chipata. Tikukayikiranso kamasuliridwe kamene Chacour anakatchukitsa m'zolemba zake za pambuyo pake, kakuti liwu lakuti odala mu Ulaliki wa pa Phiri, tikalibwezera m'chinenero cha Yesu, limatanthauza kudzuka ndi kuchitapo kanthu. Nkolimbikitsa ndithu, koma liwu la Chigriki limene Mateyo analemba likulengeza mphatso ya Mulungu poyamba, ntchito ya munthu nkumatsatira.

Pambali pa anzake

Kuti timuyese bwino Chacour, timuike pakati pa atumiki ena awiri. Bruno Hussar, wobadwira ku Cairo mu 1911 m'banja la Chiyuda, anakhala wansembe wa chipani cha Dominiko Woyera, ndipo anathandiza nawo pokonza chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965. Mu 1970 anabwereka malo kwa amonke a ku Latrun nayambitsa mudzi wa Neve Shalom, kapena Wahat al-Salam, kuti Ayuda ndi Aarabu azikhalamo pamodzi. Iye ankalota mudzi wa zipembedzo zitatu zopemphera moyandikana, koma amene anabwera anali anthu ovutika ndi mkangano wa mitundu kuposa wa zipembedzo. Hussar analola kuti loto lake lisinthe, ndipo mudziwo unabala sukulu yophunzitsa za mtendere mu 1979 ndi sukulu ya ana ya zinenero ziwiri mu 1984. Kumbali ina kuli Naim Ateek, wansembe wa Anglikani, amene banja lake linachotsedwa ku Beisan mu 1948. M'buku lake la mu 1989 anaika chilungamo patsogolo, natenga nkhani ya munda wa Naboti (1 Mafumu 21) ngati galasi loonera mbiri ya anthu ake. Hussar akutiphunzitsa kukhalirana, Ateek akutiphunzitsa kutchula tchimo ndi dzina lake. Chacour sakufika pa kuya kwa maganizo a Ateek, ndiponso sakudziwa mtima wa Myuda monga Hussar, koma akuwaposa onse awiri pa kuonetsa mmene zinthuzi zimakhalira m'manja mwa bambo mfumu wa parishi ya kumudzi.

Onse atatu akutikankhira ku funso la kawerengedwe ka Chipangano Chakale. Mkhristu wa ku Galileya amavutika kuimba za Mulungu wa Israele pamene mavesi omwewo akugwiritsidwa ntchito pomlanda malo. Ena, pothawa ululu umenewu, amayandikira cholakwa cha Marcion, amene anataya Chipangano Chakale. Michel Sabbah, Mpalestina woyamba kukhala Patriyaki wa mwambo wa Chilatini ku Yerusalemu, anayankha m'kalata yake ya mu 1993 kuti Malembo onse ndi mawu a Mulungu, ndi kuti palibe woyenera kuwasandutsa chida cholandira mnzake ufulu. Nostra Aetate, potsamira pa Aroma 11, imatikumbutsa kuti Mulungu sanawataye Ayuda, ndipo chikalata cha ku Vatican cha mu 2015 chinanena poyera kuti Eklezia sakonza utumiki wapadera wotembenuza Ayuda, ngakhale mkhristu aliyense ayenera kuchitira umboni chikhulupiriro chake modzichepetsa. Choncho mlaliki ali ndi maenje awiri oti awapewe: kunyoza Ayuda m'dzina la chilungamo, ndi kudalitsa chilichonse chimene boma la Israel lichita m'dzina la Malembo.

Chigamulo chathu

Pa 7 Okutobala 2023 gulu la Hamas linapha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena pafupifupi 250, ndipo nkhondo yotsatira inapha anthu zikwi makumimakumi ku Gaza. Mwezi womwewo Kadinala Pierbattista Pizzaballa ananena kuti ngokonzeka kudzipereka m'malo mwa ana ogwidwawo. Mu Julaye 2025 bomba linagwera pa tchalitchi cha Banja Loyera ku Gaza, anthu atatu nafa. Wina angati zochitika zimenezi zatsutsa buku la Chacour. Ife tikuona kuti zangoonetsa malire ake. Sukulu imodzi siiletsa nkhondo, ndipo Chacour sananene kuti ingatero. Chimene anaonetsa nchakuti munthu angathe kulandidwa zonse osalola kuti chidani chimlande ubatizo wake.

Tikulimbikitsa kuti bukuli liziwerengedwa m'maseminale athu pa phunziro la ubusa, pamodzi ndi kalata ya Sabbah ndi ndime yachinayi ya Nostra Aetate, kuti zimene likusowa zikwaniritsidwe. Zidzukulu za anthu a ku Biram zimabwererabe ku tchalitchi chija kukamanga maukwati ndi kukaika maliro, koma sizinaloledwe kumanganso nyumba. Wansembe amene adzalalike za chikhululukiro cha nkhalamba ya nkhuyu ija asaiwale kuuza akhristu ake kuti munda sunabwezedwe.