Lee amafabe basi: kodi gemu ili ndi ngongole ya mathero okoma?

Mphwanga, yemwe ali Fomu 3, anandibwezera foni Lachiwiri usiku nkhope ili gwaa. Kwa masabata awiri wakhala akusewera The Walking Dead, gemu ya kampani ya Telltale Games ya mu 2012, ndipo ndalama yotchajitsira foni pa msika wa Kandeu imachoka m'thumba mwake. Ndikuchenjezeretu amene simunaisewere: ndiulula mathero.

Mu gemuyi iwe umakhala Lee Everett, mphunzitsi wa mbiri yakale wa pa yunivesite amene akupita naye kundende chifukwa chopha munthu. Dziko limasokonekera, akufa ayamba kudzuka n'kumadya amoyo, ndipo Lee amatola kamtsikana ka zaka 8, Clementine. Poyamba penipeni gemuyi imakulonjeza kuti nkhani idzayenda motsatira zosankha zako. Koma kumapeto kwa gawo lachinayi Lee amalumidwa. M'gawo lachisanu ungathe kumudula mkono kapena kuusiya, amafabe. Chotsala n'choti uuze Clementine amuwombere, kapena amusiye asanduke chimodzi mwa zilombozo.

Mphwangayo anabwereza gawo lomalizalo kawiri, kuyesa njira zonse. Kenako anati: "Achimwene, ndiye ndimasankhiranji? Anthuwa andipusitsa."

Dandaulo limeneli lili ndi mbali ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza. Ina ndi yofuna mathero okoma. Ina ndi yofuna kuti chosankha chako chikhale ndi mphamvu. Si chinthu chimodzi.

Za mathero okoma, ife sitinaleredwe nawo nthawi zonse. Agogo akati "padangotero", ife "tili tonse", panalibe lonjezo loti tikagona tikuseka. Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi uja, mvula imamupeza ali panjira ndipo amasungunuka. Palibe mwana anaimirirapo kuti agogo abweze nthano. Tinkadziwa kuyambira pachiyambi kuti mwana wadothi ndi mvula sizigwirizana, ndipo mtima unkagunda chifukwa chodziwa chomwecho. Nayenso Lee ndi wadothi. Gemu imayamba ali m'galimoto ya polisi, maunyolo ali m'manja, moyo wake wakale utatha kale, ndipo imatha atakhala pansi, akulephera kuimirira, akulangiza mwana. Akanapulumuka pa mphindi yomaliza, nkhani yonse ikanasanduka bodza.

Komabe sindikufuna kunyoza wofuna mathero okoma, monga amachitira anzanga ena amene tinaphunzira nawo za zolembalemba, omwe amaona ngati nkhani imakhala yakuya pokhapokha wina afe. Buku la Samuel Josia Ntara, Nthondo, lomwe linapata mphotho mu 1933, limatenga munthu wosokonekera n'kumufikitsa pa kutembenuka mtima. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene anyamata amadzazana nawo m'mavidiyo sho, sitelingi amapambana, holo yonse n'kuwomba m'manja. Munthu amene watha tsiku lonse kumunda, kapena wakhala pa mzere wa feteleza n'kubwerako chimanjamanja, akafuna kuti kwa maola awiri zinthu zimuyendere wina wake, si uchitsiru. Mathero okoma ndi abwino ngati nkhani yawagwirira ntchito. Oipa ndi aja ongomatidwa kumapeto ngati chigamba.

Mbali yachiwiri ndi imene mphwanga ali ndi mlandu weniweni. Buku silikufunsa maganizo. Gemu imakufunsa, ndipo wofunsa amakhala walonjeza kuti amva. M'gawo loyamba la The Walking Dead umasankha kupulumutsa Carley kapena Doug. Amene wamupulumutsayo amaphedwa m'gawo lachitatu, pamalo amodzimodzi, ndi munthu mmodzimodzi. Apa ulusi wa telala ukuonekera kunja. Opanga gemu sangakwanitse kujambula nkhani makumi awiri zosiyana, ndalama zake n'zambiri, ndiye amapatutsa njira pang'ono n'kuzibwezeranso mumsewu umodzi.

Vutoli linaphulika kwambiri chaka chomwecho cha 2012 ndi Mass Effect 3 ya kampani ya BioWare. Anthu anali atanyamula zosankha zawo kuchokera mu gemu yoyamba ya mu 2007, zaka zisanu, ndipo pamapeto anapatsidwa njira zitatu zomwe zithunzi zake zinkasiyana makamaka mtundu wa kuwala: kofiira, kobiriwira, kwabuluu. Osewera ena anatumiza ku ofesi ya kampaniyo timakeke pafupifupi 400 ta mitundu itatuyo, koma kakomedwe kake kamodzimodzi. Mu June chaka chomwecho BioWare inatulutsa zowonjezera zaulere zofotokoza bwino matherowo. Ena mwa okwiyawo ankafuna kuti Shepard akhale ndi moyo, inde, koma chimene chinapweteka ambiri ndi kufunsidwa maganizo kwa zaka zisanu ndi munthu amene anali atalemba kale yankho.

Nanga bwanji ine The Walking Dead ndikuikhululukira? Chifukwa cha gawo lachiwiri. Gulu lili ndi njala, ndipo amakupatsa tizakudya tinayi kuti ugawire anthu khumi. Aliyense amene ungamupatse, nkhani sisintha kwenikweni. Koma mphwanga anaima pamenepo mphindi zingapo, foni ili m'manja. Anapatsa ana awiri poyamba, kenako anayamba kuwerengera: uyu amagwira ntchito yolondera, uyu ndi nkhalamba yamwano koma ndi bambo wa mnzathu. Ananena yekha kuti zinamukumbutsa mmene mayi ankagawira nsima m'miyezi ya njala chitatha chilala cha 2024, iwo n'kumati adya kale. Chosankhacho sichinasinthe dziko la mu gemu, koma chinamuonetsa mnyamatayu kuti iye ndi munthu wotani pamene chakudya chachepa. Buku likanamuuza zimene Lee anachita. Gemu inamugwiritsa mbale m'manja.

Imene inakwanitsa zonse ziwiri, mwa zomwe ndinasewerapo pa laputopu ya mnzanga ku koleji, ndi The Witcher 3 ya mu 2015. Tsogolo la Ciri, mwana amene Geralt anamulera, silidalira batani la kumapeto. Limadalira tinthu tating'ono ta m'mbuyo: kodi atakhumudwa unasewera naye zogendana ndi chipale kapena unamupatsa mowa? Unamulola kukalankhula yekha ndi akuluakulu kapena unamutsatira? Unalandira ndalama kwa bambo ake omubereka ngati kuti wagulitsa katundu? Ukamupondereza pomuteteza, sabwerako. Ukamukhulupirira, amakhala ndi moyo. Mathero okoma alipo, koma umawalima osadziwa kuti ukulima, ngati mmene kulera kulili.

Ndiye yankho langa ndi ili. Gemu ilibe ngongole ya chimwemwe kwa ine. Ngongole yake ndi ya chilungamo. The Last of Us ya mu 2013 sikufunsa n'komwe: Joel amapha madokotala kuti apulumutse Ellie, kenako amamunamiza, ndipo iwe umangotsatira ngakhale ukudana nazo. Imeneyo sinandinamize. Imene ndimadana nayo ndi yondiyalira zitseko zitatu zolowera m'chipinda chimodzi, n'kumandiuza kuti ndine mfumu.

Mwina nkhaniyi imandikhudza chonchi chifukwa m'badwo wathu unauzidwa zofanana. Sankha sukulu, sankha kozi yabwino, tsogolo lili m'manja mwako. Tinasankha, ndipo ambiri tili pakhomo pa makolo ndi madigiri m'chikwama, limodzi ndi amene sanasankhe. Sindinganene kwa mphwanga kuti zosankha zake zidzasintha mathero, chifukwa ndingakhale ngati BioWare. Chomwe ndinamufunsa n'chakuti: pomaliza paja, Clementine unamuuza chiyani?

Anati ulendo woyamba anamuuza kuti angochoka, chifukwa sanafune kuti mwana aphe munthu amene amamukonda. Wachiwiri anamuuza kuti awombere, kuti asadzakhale akuganiza kuti Lee akuyendayenda kwinakwake ngati ndondocha. Mpaka lero sakudziwa kuti cholondola n'chiti, ndipo dzulo wandipempha bandulo yoti atsitsire Season Two.