Nkhuku Yophera Alendo

Anzathu okhala m'tauni ya Blantyre akamakamba za kumudzi, amangotchula zokoma: tambala wa m'mbandakucha, thadzi ndi anapiye ake, nkhuku yophera alendo. Ine ndinakulira ku Lirangwe, ndipo ndikuti nkhani yotereyi ndi yopereŵera. Paja chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chilimwe chikafika, chitopa chinkapulula khola lonse, amayi n'kusoŵa pogwira pofuna kutigulira sopo ndi makope. Lero katemera wa I-2 alipo: kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, katatu pa chaka. Inu amene mumaimika galimoto ku Chileka kufunafuna nkhuku yachikuda yotchipa, kodi makolo anu munaŵagulirapo katemerayu?