Za Luso la Bodza la Pamacheza

Mwa maluso onse a pakamwa amene anthu asunga chiyambire kale, lilipo limodzi limene ambiri aliyesa chibwana, chikhalirecho ndilo lofuna nzeru zakuya ndi lilime lakuthwa: kusimba nkhani yokokomeza, imene wonena ndi womva onse adziwa kuti ndi bodza, koma popanda wonyengedwa. Bodza lotere silichotsera munthu ulemu pabwalo, pakuti silibera mnansi mbuzi kapena mbiri yake. Ntchito yake ndiyo kumasula chifuwa chothina ndi nkhawa.

Mmisiri wa nkhanizi sayamba ndi chodabwitsa, koma ndi choona chimene aliyense angavomere, popeza liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Taonani nkhani za Baron Munchausen, zimene Rudolf Erich Raspe anazitulutsa m'buku ku England m'chaka cha 1785. Mlendoyo, ali paulendo wa ku Russia m'nyengo yachisanu, atopa, amangirira kavalo wake ku kanthu konga chitsa kotulukira m'chipale chofewa, nagona pomwepo. M'mawa apezeka ali pabwalo la tchalitchi, kavalo ali lende pamwamba pa nsanja, chifukwa chipale chimene chinakwirira mudzi wonse chasungunuka usiku. Kutopa nkoona, kumanga kavalo nkoona, kugona nkoona. Bodza lili pa chinthu chimodzi chokha, ndicho kuya kwa chipale, ndipo womva, amene wakhala akugwedeza mutu movomereza pa phazi lililonse, azindikira kuti wakodwa atafika kale pansanja. Wosadziwa ntchitoyi awunjika mabodza khumi pamodzi, nadabwa kuti anthu angomuyang'ana.

Chachiwiri ndicho nkhope ndi mawu. Wosimba akayamba kuseka yekha, walanda omvera gawo lawo. Ayenera kulankhula modekha monga mboni pamlandu, nakhala chete pang'ono pamene mitima ili m'mwamba, kuti mawu otsiriza agwe pa nthawi yake. Julius Chongo, m'pologalamu yake ya Poceza m'Madzulo pa wailesi ya ku Zambia, ankasintha liwu lake lokhalo kukhala anthu ambiri, namveketsa kugwa ndi kuthawa ndi timawu tonga khu! ndi pyoo!, kotero kuti khutu linkaona chimene diso silinaone. Ku Malawi, John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko linawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, anasonyeza kuti nthabwala ikoma pakakhala wotsutsa, pakuti kukana kwa mnzake ndiko kukakamiza wokokomeza kulumbira ndi kuonjezapo.

Mfumu Solomo inaona kalekale kuti kukondwa kwa mtima kuli ndi mphamvu yochiritsa, ndipo ophunzira a masiku ano atsata mapazi ake. Norman Cousins, mkonzi wa magazini ku America, atagwidwa ndi nthenda yowawa ya msana m'chaka cha 1964, anachitira umboni kuti mphindi 10 za kuseka kochokera m'mimba zinkamgonetsa maola awiri osamva ululu. M'chaka cha 2011, Robin Dunbar ndi anzake a ku Oxford anaonetsa kuti anthu amene aseka pamodzi mpaka nthiti kuwawa apirira ululu koposa poyamba, ndipo iwo anati chifukwa chake nchakuti kuseka kotero kutulutsa m'thupi timadzi totonthoza totchedwa endorphin. Kumwetulira kwaulemu sikufika pamenepo. Tsono luso ndi thanzi zakumana apa: nkhani yomangidwa bwino yokha ndiyo itulutsa phwete lenileni, ndipo phwete lenileni ndilo lipumitsa thupi. Achewa anadziwa ichi pamene analola adzukulu kuchita nthabwala pamaliro, kuti ofedwa apeze popumira pakati pa misozi.

Koma lusoli lili ndi malire ake, ndipo wowalumpha asandutsa mankhwala kukhala ululu. Nthabwala yoseka wolumala, wamasiye kapena mtundu wa anzathu isangalatsa khumi nilasa mmodzi, iiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata ndi asungwana amene lero aimirira pamaso pa khamu kuti aliseketse aphunzire tsono kukokomeza kukula kwa nsomba, liwiro la nguluwe ndi mantha a iwo eni, kuti aliyense wokhala pabwalopo, ngakhale wonyozeka koposa onse, abwerere kwawo atasekako nawo, osati atasekedwa.