Amisiri a mawaya ku Champhira

Njanji sinafike ku Mzimba. Imadzera ku Salima ndi ku Lilongwe n'kulowera ku Mchinji. Ndiye ana a ku Champhira, m'bomalo, amapanga ndi waya zomwe amaona pamsewu wa M1: malole ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam.

Mnyamata amawongola waya ndi mwala, n'kuupinda mpaka mutu wa lole uoneke. Molumikizira monse amakulunga ndi mphira wa chubu chakutha, matayala amadula ku mapatapata akale. Koma chondigometsa ine ndi chiwongolero: waya wautali wofika m'chiuno, womangidwa mwanzeru moti akangopotoza, matayala akutsogolo amakhotadi. Limeneli ndi luso lenileni, ndipo wamng'ono amaliphunzira pogwirira mkulu wake waya.