Kaphatikizo ka -nga- ndi Nkhani ya K2-18b

Cholinga cha nkhani ino n'kuunika chiyankhulo chimene chidagwiritsidwa ntchito polengeza zotsatira za kafukufuku wa pulaneti ya K2-18b. Pulanetiyi idatulukiridwa mu 2015 ndi telesikopu ya Kepler, ndipo ili patali kwambiri moti kuwala kochokera kumeneko kumatenga zaka 124 kuti kutifike.

Mu Epulo 2025, gulu la Nikku Madhusudhan wa ku yunivesite ya Cambridge lidalengeza kuti telesikopu ya James Webb yaona zizindikiro za mpweya wotchedwa dimethyl sulphide pa pulanetiyi. Kuno kudziko lapansi mpweyawu umatulutsidwa makamaka ndi tizomera ting'onoting'ono ta m'nyanja. Izi n'zimene zidachititsa kuti mitu ya nkhani zambiri imveke ngati moyo wapezeka.

Katswiri wa chiyankhulo ayenera kuima kaye pamenepa. M'Chichewa, chiganizo chakuti "moyo ulipo" chimasiyana ndi chakuti "moyo ungakhalepo". Kaphatikizo ka -nga- kamasonyeza kuti chinthu n'chotheka, koma sikatsimikiza kanthu. Malipoti a asayansi amadzala ndi mawu okayikira otere, koma nkhani ikamadutsa m'manja mwa olengeza ndi atolankhani, kukayikako kumayoyokera panjira.

Umboni udali wotani? Choyamba, telesikopu siidaone chamoyo chilichonse. Idangoyeza kuwala kwa nyenyezi kumene kudadutsa mumpweya wa pulanetiyo. Chachiwiri, mphamvu ya umboniwo idali pa mlingo wa masigima 3, pamene asayansi amafuna 5 asananene kuti atulukira chinthu. Chachitatu, magulu ena ataunikanso zoyezedwazo adapeza kuti umboniwo ndi wofooka. Ndiponso mpweya womwewo udapezeka pa kometi ya 67P, chimwala cha ayezi chimene palibe amene amati chili ndi zamoyo.

Ofufuzawo sadabise malire a ntchito yawo, ndipo pa ichi ayenera kuyamikiridwa. Komabe mawu awo achisangalalo pamaso pa atolankhani adamveka kutali kuposa machenjezo awo. Vuto lake n'lakuti anthu akalonjezedwa moyo kangapo osauona, adzaleka kukhulupirira ngakhale tsiku limene umboni weniweni udzapezeke.

Pomaliza, ife amene tikumanga chiyankhulo cha sayansi m'Chichewa tisamale kaphatikizo kameneka pomasulira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.